Manja a Vashti

M'tauni ya May Pen, kuseri kwa msika, m'kanjira kamene madzi a mvula amaimamo sabata yathunthu, munkakhala akazi awiri apachibale, Adina Pinnock ndi mng'ono wake Vashti. Nyumba yawo inali yamatabwa, yazipinda ziwiri, ndipo mvula ikabwera mapoto onse ankapeza ntchito yotchera madontho. Mayi awo pomwalira anawasiyira zinthu ziwiri zokha: uvuni wa palafini wolemala mwendo umodzi, ndi luso lopanga mapati a nyama ya ng'ombe.

Pati ili ndi ntchito ziwiri, ndipo si kawirikawiri munthu mmodzi kuzidziwa bwino zonse. Pali zam'kati: nyama yogaya, anyezi wamasamba, timasamba tonunkhira ta thayimu, tsabola wowawa uja, ndi nyenyeswa za buledi zogwira msuzi kuti usatayike. Iyi inali ntchito ya Adina, ndipo lilime lake silinkalakwa mchere. Ndiye pali khungu lakunja: fulawa, chikasu, mafuta ouma a ng'ombe ndi madzi ozizira. Mafutawo sayenera kusungunuka asanalowe mu uvuni. Akasungunukira m'manja mwa wokanda, khungu limatuluka lolimba ngati nsapato. Akalowa adakali timibulu, limatuluka timasamba topyapyala, lothetheka ukaluma, nyenyeswa n'kugwera pa malaya. Ku May Pen, kumene dzuwa limawotcha ngakhale mthunzi, ntchito imeneyi imafuna munthu wamanja ozizira. Vashti anabadwa nawo. Adina ayi.

"Chotsani manja anuwo, achemwali, mundisungunulira mafuta," ankatero Vashti akuseka. "Inu tikanangokuikani pansi pa thileyi, bwezi sitikugulanso palafini."

Ankagulitsa mapati makumi anayi patsiku, pa geti la sukulu ndi pa siteji ya matakisi. Zinkakwanira fulawa wa mawa ndi mpunga wa madzulo. Nsapato zatsopano ayi.

Tsiku lina mwamuna wina wolemba zikwangwani, amene ankafuna Vashti koma osafunidwa, anatenga bokosi lawo lagalasi n'kulembapo ndi penti yofiira kuti MAPATI A MISI VASHTI. Vashti anaseka mpaka kugwira nthiti, koma sanafufute.

Apa pakufunika chilungamo. Adina ndiye ankadzuka woyamba. Ndiye ankakangana ndi ogulitsa nyama, ndiye ankadula tsabola mpaka zala kumayaka tsiku lonse, ndiye ankasenza bokosilo pamutu pake, dzina la wina lili pamwamba pa nkhope yake. Anthu akaluma ankatama khungu, chifukwa khungu ndi limene mano amayamba kukumana nalo. Vashti sanali wodzikuza, ndipo sanabisepo tambala. Koma sanauzepo wogula ngakhale mmodzi kuti, "Nyamayo wakoleretsa ndi mkulu wanga." Sanaganize kuti n'zofunika. Kwa Adina zinali zofunika, ndipo anazisunga mumtima zaka zisanu ndi ziwiri. Pamwamba pa zimenezi, mayi wina amene kale ankagulitsa chimanga chophika pambali pawo anamanga nyumba yosanja, ndipo Adina ankadutsa pa geti lake kawiri patsiku.

Kwathu kuno mwana aliyense amakula akuuzidwa kuti asamadye kwa anthu. Chakudya chogula, chochokera mu thileyi imodzi ndi cha aliyense, sichiopedwa. Choopsa ndi mbale imene wina wakuikira iweyo padera. Ambiri timasiya lamuloli tikakula. Vashti analigwiritsa. Kumaliro, kuukwati, ngakhale pa chakudya cha kutchalitchi, ankanyamula chake m'kambale. Munthu mmodzi yekha padziko ndiye ankamupatsa chakudya iye n'kudya osayang'ana, ndipo munthuyo anali Adina.

Lachiwiri lina Adina ananena kuti akupita kukafunsa mtengo wa ng'ombe. Anakwera basi ya ku Chapelton, n'kupitirira wapansi kukwera phiri mpaka pa bwalo la Maas Lucius, sing'anga wa matsenga otchedwa obiya, amene aliyense ankadziwa dzina lake koma aliyense ankati sanamuonepo. Pabwalopo panali nsungwi zazitali zomangidwa nsalu zofiira ndi zoyera, ndi mabotolo olendewera mumtengo. Linali dzuwa la masana. Mwini wake anakhala pakhonde akusenda nandolo, atavala malaya a khaki ndi magalasi, ngati kalaliki wopuma ntchito.

"Mwabwera ndi fungo la tsabola," anatero osadzutsa mutu. "Khalani, mayi. Osati apo. Apo pamakhala ena."

Adina anasuntha msanga.

"Ndatopa ndi umphawi, Maas Lucius. Ndikufuna ndalama, ndipo ndikufuna anthu azitchula dzina langa."

"Zonse ziwiri n'zazing'ono. Tambasulani dzanja."

Mkuluyo anaika kachidutswa ka kandulo m'chikhatho cha Adina n'kuchipinda. Atachitsegula, kandulo anali atafewa ngati phala.

"Ndaona vuto," anatero mkuluyo. "Koma mumve bwino. Ine sindipanga manja. Ndimangosamutsa. Alipo munthu amene amadya chochokera m'dzanja lanu osanunkhiza, osafunsa?"

Adina anapukuta kandulo uja m'chikhatho chake.

"Alipo," anadziyankha yekha mkuluyo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo ka mafuta oyera ngati madzi. "Dontho limodzi m'chikhatho musanakande. Pati yoyamba kutuluka mu uvuni si yogulitsa. Aidye munthu ameneyo, kuchokera m'dzanja lanu, dzuwa lisanalowe. Tsiku lililonse. Uvuni usagone, ngakhale Lamlungu, ngakhale pa Khirisimasi."

"Kabotolo kakatha?"

"Sikatha."

"Nanga akapanda kudya?"

"Kuzizira kumene mukutengako kuli ndi njala. Kukadyetsedwa kumakhala phee m'manja n'kumakugwirirani ntchito. Kukapanda kudyetsedwa kumayamba kukwera."

Adina anati, "Sindikufuna kupha mng'ono wanga."

Maas Lucius anavula magalasi n'kumuyang'ana koyamba. "Ndani watchula za mng'ono? Ine ndati munthu. Mng'onoyo mwatchula ndinu. Ndipo imfa mwaitchulanso ndinu." Anabwerera ku nandolo zake. "Mukhoza kusiya kabotoloko pompo. Ambiri amasiya. Amabwerera kwawo n'kukafa osauka, anthu abwino."

Adina anatulutsa madola amene anamanga pakansalu.

"Bwererani nazo. Ine amandilipira ndi ena."

Kabotoloko Adina sanakasiye.

M'mawa mwake anapempha Vashti kuti ayesere kukanda kachidutswa kamodzi kokha. Vashti anamupatsa, akumunyoza monga mwa masiku onse kuti aitane kaye ozimitsa moto. Pati imeneyo Adina anaiika pakona ya thileyi, ndipo itapsa anaiuzira n'kuipereka.

"Tandilawira, Vashi."

Vashti analuma. Nyenyeswa zinagwera pachifuwa pake. Anayang'ana pati, n'kuyang'ana mkulu wake.

"Achemwali! Mwabisa kuti luso limeneli zaka zonsezi? Mfiti inu!" Anamukumbatira ndi chimwemwe chenicheni, ndipo anamaliza yonse.

Sabata isanathe Vashti anayamba kudandaula kuti nsonga za zala zikuchita dzanzi. Mwezi usanathe foloko yodindira m'mphepete inayamba kumupulumuka. Khungu lake la mapati, limene silinalephereko kuyambira ali mtsikana, linayamba kutuluka lolimba, ndipo tsiku lina dalaivala wa takisi anabweza pati n'kufunsa ngati asintha ntchito n'kuyamba kuumba njerwa. Vashti analira kuseri kwa nyumba. Adina anamupeza, n'kumuuza kuti apumule, akande yekha mpaka zala zitachira.

Kuyambira pamenepo mapati a Adina anakhala nkhani ya m'tauni. Makumi anayi anasanduka mazana awiri, kenako chikwi. Mabasi ochokera ku Kingston kupita ku Mandeville anayamba kukhota kudzaima pakamwa pa kanjira kaja, anthu n'kumatsika kukaima pamzere m'matope. Amene walawa kamodzi ankabweranso, ndipo ena ankati akagona amailota. Adina anagula mauvuni atatu a gasi ndi firiji yaikulu. Analemba ntchito amayi asanu odula anyezi ndi kudzaza nyama, koma fulawa sankalola munthu kumukhudza. Chaka chachiwiri nyumba yamatabwa inagwetsedwa, panamangidwa yosanja yopentedwa yobiriwira, ndi chikwangwani chachikulu chowala: ADINA.

Ndipo tsiku lililonse pati yoyamba inkakwera masitepe pa kambale.

Dzanzi linachoka ku zala kufika m'zikhatho, kuchoka m'zikhatho kufika m'zigongono. Madokotala anajambula, anabaya, anatenga magazi, sanapeze kanthu. Adina analipira zonse mosadandaula. Anamutengera mng'ono wake ku Kingston katatu, anamugulira bedi lofewa, wailesi ya kanema ndi chikuku pamene miyendo inayamba kulemera. Manja a Vashti anauma n'kupindika pamiyendo pake ngati nthambi. Sanathenso kunyamula supuni. Ndipo poti sankadya kwa anthu, womudyetsa anali Adina yekha, m'mawa, masana ndi madzulo.

Misi Enid Tulloch, mayi wamasiye wa kutchalitchi kwawo amene anali mnzake wa malemu mayi awo, anabwera tsiku lina ndi supu wa nyemba zofiira.

"Pepani, Misi Enid," anatero Vashti. "Mukundidziwa."

"Ndikukudziwa, mwana wouma mutu iwe. Ndakusambitsapo uli khanda, lero ndikakuthirira chiyani? Chabwino, ndimwa ndekha pamaso pako, uzimva fungo." Ndipo anamwadi.

Abusa analalikira za Adina pa guwa osamutchula dzina, koma aliyense anatembenuka kumuyang'ana: mayi wolemera amene amasiya bizinesi yake katatu patsiku kukadyetsa m'bale wake ndi dzanja lake. Sindikhulupirira kuti chisamaliro chonsecho chinali chinyengo. Amene anamuona akupesa tsitsi la Vashti amanena kuti ankachita mwachikondi, ndipo ndikuwakhulupirira. Munthu angathe kukonda amene akumudya. N'chifukwa chake nkhaniyi ili yowawa.

Chaka chachitatu mawu a Vashti anayamba kuchepa, mpweya kumavuta. Adina anachita mantha. Tsiku lina anatenga pati yoyamba n'kuiponyera galu wa pabwalo. Galuyo ananunkhiza n'kuchoka. Anaipereka kwa wogula wina mwaulere, ndipo wogulayo anadya n'kuthokoza. Koma dzuwa litangolowa kuzizira kunachoka m'manja mwa Adina n'kukwera mpaka m'mapewa, ngati wamiza mikono mu ayezi. Mano anagundana. Mawa lake pati inakweranso masitepe, ndipo kuzizira kunatsika.

Anabwerera kuphiri, ulendo uno pa galimoto yake.

"Mwanenepa, mayi," anatero Maas Lucius. "Zikuoneka kuti ntchito yanga ndi yabwino."

"Munati ndi manja okha."

"Ndinati ndimasamutsa. Sindinanene kuti ndimalekezera pati."

"Zakwana. Ndikufuna kusiya. Tengani nyumba, tengani galimoto."

"Galimoto ndiyendetse kuti, m'phiri muno?" Anaseka pang'ono. "Kusiya kulibe. Koma kusintha kulipo. Pezani wina amene amakukhulupirirani ngati iyeyo. Osati wogula, osati wantchito woopa kuchotsedwa. Munthu amene mutamupatsa chakudya mumdima angatsegule pakamwa. Mng'ono wanu apuma."

Adina anaganiza. Anayendayenda m'maganizo m'tauni yonse, m'tchalitchi monse, mwa amuna awiri amene anamufunsira chilemerereni. Anthu omugwadira analipo ambiri.

"Palibe," anatero.

"Ndiye musamalireni bwino amene muli nayeyo. Mudyetseni pang'onopang'ono. Akatha, mwatsala ndinu."

Adina anabwerera kwawo, ndipo anapitiriza. Ichi ndi chimene sindingathe kumuikira kumbuyo. Ulendo woyamba tinganene kuti sanadziwe kukula kwa chimene akuchita. Ulendo wachiwiri anauzidwa zonse, masana dzuwa likuswa mtengo.

M'mwezi wa Disembala, pamene nyumba zonse zinkanunkhira chakumwa cha chidede ndi jinja, Vashti anati watopa ndi kuyang'ana denga. Anapempha Misi Enid ndi amayi awiri antchito kuti amutsitse ndi chikuku chake kukhitchini, akaone mmene mapati akupangidwira masiku ano. Adina anali patebulo, atatembenukira kukhoma, ndipo sanamve akulowa chifukwa cha phokoso la makina ogayira nyama.

Vashti anayang'ana. Anaona mkulu wake akuyala fulawa wokanda ndi botolo, akupinda katatu, akutembenuza, akudula ndi kambale. Anaona akudzaza nyama, akutseka, akupsinja pakati ndi chala chachikulu kawiri asanadinde. Palibe amene anaphunzitsa Vashti kupsinja kawiri kumeneko. Kanali kachizolowezi kake, kamene mayi awo ankamukalipira nako. Kenako anaona Adina akutola foloko.

Vashti anali wamanzere chibadwire. Adina ankagwiritsa ntchito dzanja lamanja, moti ngakhale kukanda mutu ankakandira kumanja. Koma foloko inali ku dzanja lamanzere, ikuthamanga m'mphepete mwa pati kuchokera kumapeto kumene wamanzere yekha amayambira.

"Zimitsani makinawo," anatero Vashti.

Mawu ake anali aang'ono, koma mayi wina anamva n'kuzimitsa. Adina anatembenuka.

"Vashi! Watsika bwanji? Kuno kukutentha, ukudwala iwe."

"Achemwali, munayamba liti kugwira foloko kumanzere?"

Adina anayang'ana dzanja lake ngati la mlendo. Iye mwini sanadziwe. Foloko inagwa pansi.

"Ndimangosinthasintha, dzanja likatopa."

"Bwerani. Ndigwireni patsaya."

"Ndili ndi fulawa m'manja."

"Ndigwireni."

Adina anabwera, pakuti anthu onse anali kuyang'ana. Katatu patsiku ankamudyetsa ndi supuni kapena atagwira pati ndi kapepala, ndipo pomusambitsa ankayamba wamiza manja m'madzi otentha. Tsopano anaika chikhatho chake chopanda kanthu pa tsaya la mng'ono wake, m'khitchini yoyaka mauvuni atatu. Chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Vashti anatseka maso.

"Ndi anga," anatero. "Misi Enid, manja anga aja ndi awa. Ndawafuna ku Kingston katatu, ali m'nyumba momwe muno."

"Vashi, ndimvere kaye..."

"Pati ya m'mawa uliwonse. Yoyamba, yotentha, ya mng'ono wanga. Ndinkawauza anthu kuti palibe amene ali ndi mkulu ngati wanga." Anatsegula maso. "Zaka zitatu, iwe Adina. Ukundipukuta pakamwa."

Sanamutchulepo dzina chotero chibadwire. Thileyi yoyamba inali itapsa, ndipo fungo linadzaza nyumba. Adina anagwada pa simenti.

"Ndikapanda kukupatsa ndifa. Maas Lucius anandiuza yekha. Ndinapita kukamupempha kuti tisiye, anakana. Ndikulumbira, ndinapita."

"Ndiye unabwerako n'kusankha."



"Misi Enid," anatero Vashti, "supu uja mudakaphikabe?"

Mayi wachikulireyo anali akulira. "Ndiphika, mwanangu."

"Nditengeni. Kuyambira lero ndidya kwa aliyense. Ndidya kwa inu, kwa amayi awa, kwa wopenga wa pamsika ngati angandigawire. Kwa uyu yekha ayi."

Anamutulutsa ndi chikuku pakati pa mzere wa ogula. Amayi asanu aja anavula maepuloni n'kumutsatira, ndipo pofika masana nkhani inali itafika pa siteji ya matakisi, kumene nkhani sizigona. Mzere unasungunuka. Mawa lake mabasi anadutsa osakhota. Anthu amene anadya mapati amenewo zaka zitatu ankalavula akadutsa pa geti, ena ankapita kwa abusa kukapemphereredwa mimba.

Adina anayatsabe uvuni, poti analibe njira ina. Tsiku loyamba kuzizira kunafika m'mapewa, lachitatu m'khosi. Anavala majuzi awiri ndi chipewa chaubweya m'dzuwa la ku May Pen. Ankayenda mumsika ndi pati pa kambale, akuimitsa anthu amene kale ankamupatsa moni wogwada.

"Idyani, ndi yaulere. Bambo, mukundidziwa ine. Munkadya kwa ine tsiku lililonse."

Anthu ankawolokera tsidya lina la msewu, amayi akukoka ana awo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anafika pa geti la Misi Enid. Vashti anali pakhonde, atafunditsidwa kansalu pamiyendo, mpweya wake utayamba kubwerera pang'ono. Misi Enid anatuluka ndi tsache.

"Musiyeni alankhule," anatero Vashti. "Koma asalowe."

Milomo ya Adina inali yotuwa. Anatambasula kambale ka pati pamwamba pa geti.

"Kachidutswa kokha, Vashi. Kangachepe bwanji. Ndipeze tsiku limodzi loti ndiganize."

"Unali ndi masiku chikwi oganiza."

"Ndine mkulu wako. Ndinakubereka kumsana mayi akupita kumsika."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinkatsegula pakamwa." Vashti anayang'ana kumbali. "Ukanandiuza kuti dzina lija likukuwawa, ndikanalifufuta ndi zikhadabo zanga. Bokosi lenilenilo! Penti!"

"Unkandiona ndikulisenza tsiku lililonse," anatero Adina. "Unafunikira kuuzidwa?"

Misi Enid ankanena pambuyo pake kuti mawu amenewo anamulasa Vashti, ndipo anamuona akutsegula pakamwa pang'ono, ngati munthu woti avomera.

"Pamenepo ndinalakwa," anatero Vashti pomaliza. "Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa. Koma mlandu wa penti sulipidwa ndi manja. Pita, Adina."

Alipo m'tauni muno amene amati Vashti anaumitsa mtima, kuti kuluma kamodzi sikukanamupha. Ndaganizira zimenezi kwa nthawi yaitali. Kuluma kamodzi kukanafuna kwina mawa lake, ndipo onse awiri ankadziwa. Ndiponso mankhwalawo ankafuna munthu wokhulupirira. Ngakhale Vashti akanameza pati yonse chifukwa cha chisoni, sindikudziwa ngati ikanagwira ntchito. Chimene Adina ankapempha pa geti lija anali atachiwononga kale yekha.

Anabwerera kwawo akulankhula yekha. Masiku awiri otsatira oyandikana naye ankamumva akuitana Vashti kuti atsike adzadye zisanazizire. Kenako kunakhala zii. Lolemba masana, ataona utsi ukutuluka pawindo, amuna anathyola chitseko. Mauvuni onse atatu anali akuyaka, zitseko zake zili zotsegula, mapati atapserera kukhala makala. M'khitchinimo munkatentha moti munthu sakanaimamo mphindi ziwiri. Adina anali atakhala pansi, atatsamira uvuni wapakati, juzi lake litayamba kununkha kupsa. Amene anamunyamula amati anachita kukulunga manja awo m'matawulo, osati chifukwa cha moto, koma chifukwa thupi lake linkawawa kuligwira ndi kuzizira.

Nyumba yosanja ija palibe anafuna kuigula kapena kuchita lendi. Ilipobe, mawindo ake anathyoka, ndipo mbuzi zimabisalamo dzuwa.

Manja a Vashti sanabwerere. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi kwa Misi Enid, amayi a kutchalitchi akusinthana kumudyetsa. Ku maliro a mkulu wake anapita, ngakhale ambiri anamuletsa. Anakhala kutsogolo pa chikuku chake, ndipo bokosi likutsitsidwa analira kwambiri kuposa aliyense, misozi ikuyenderera mpaka m'khosi. Analibe chopukutira. Anachita kupempha mayi amene anaima pafupi, munthu wosamudziwa n'komwe, kuti amupukute.

Umphawi ndi wowawa, ndipo kugwira ntchito wina n'kumatamandidwa kumawawanso. Zimenezi sindikuzichepetsa. Koma dyera silipita kukatenga chuma kwa adani athu, pakuti adani amatseka zitseko zawo. Limatenga kwa munthu amene watitsegulira, ndipo limatiuza kuti tikungobwereka pang'ono. Amene akufuna kulemera msanga adzifunse kuti adzalipire ndani, chifukwa wolipira amakhalapo nthawi zonse, ndipo kawirikawiri ndi yekhayo amene akanatisunga tikadzagwa. Adina anali ndi munthu mmodzi wotero. Anamusinthanitsa ndi nyumba yosanja ndi chikwangwani, ndipo tsiku limene anafuna munthu woti amukhulupirire kuti akhale ndi moyo, m'tauni yonse munalibe.